Mapepala a Chokoleti mu Kalavani Namba Sikisi

Woyamba kumva fungo anali Tadala, osati ine. Ine ndinali panja pamakwerero ndi chidebe, ndikukwecha ndere padenga la kalavani ina, ndiye ndinangomva mwana akuitana pazenera: "Mummy, it smells funny." Anali ndi zaka zinayi, Chichewa amamva chonse koma kuyankha ndi Chingerezi basi. Ndinaganiza kuti mng'ono wake Mphatso wadzichitira, ndinatsika osathamanga, ndikupukuta manja pa juzi. Nditatsegula chitseko cha kalavani Namba Sikisi, mmene munali anawo, fungolo linandilowa m'mphuno. Silinali fungo la thewera ayi. Linali fungo la pulasitiki ikupsa, lija limabwera ukaiwala beseni pafupi ndi mbaula. Ndipo limachokera pansi pa mpando umene ana anga anakhalapo, miyendo ili lendelende, akuonera zidole pa tabuleti.

Ndiyambe ndafotokoza mmene ndinapezekera kumeneko, chifukwa anthu akandiona lero ndi chikwama cha zida amaganiza kuti ndinapita kukoleji. Ayi ndithu. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8 ku Bangwe. Kuno ku Leicester ndinabwera pambuyo pa amuna anga, bambo a Tadala, amene amasamalira okalamba kunyumba ina ku Oadby. Timakhala ku Braunstone, zipinda ziwiri zam'mwamba. Chaka choyamba chonse ndinali m'nyumba, kusuzumira pazenera, kuopa ngakhale kukwera basi ndekha kuti mwina dalaivala andifunsa chinthu ndilephera kuyankha.

Ntchito ndinaipeza kutchalitchi. Tikumwa tiyi mapemphero atatha, Mayi Nyirenda anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Amake Tadala, abambo kunyumba akufuna munthu wotsuka makalavani. Si ntchito yofuna mapepala a sukulu ayi." Bambo Nyirenda ndi mkulu wa mpingo, anabwera kuno kalekale, ndipo ndi iwowo amene analozera amuna anga kumene kunali ntchito tidakali kumudzi. Ndiye mukuona, kwa ife anali ngati kholo. Akalowa m'chipinda amuna anga amaimirira.

Kalavani ndi kanyumba kokoka ndi galimoto, kamene anthu kuno amapita nako kutchuthi. Muli mabedi, sinki, nyali, chilichonse. A Nyirenda amagula akale, kuwakonza, ena kugulitsa ena kubwereketsa. Anali asanu ndi atatu, ataima pamzere kuseri kwa famu ina njira ya ku Hinckley, iliyonse ndi nambala yake yolemba ndi penti kutsogolo. Ndimakwera basi imodzi, kenako kuyenda wapansi m'mbali mwa munda. Ntchito yanga inali chidebe, burashi, huva yokokera fumbi, ndi kuchotsa nkhungu m'makona.

Zamagetsi amapanga anali Keith, mzungu wachikulire wopuma ntchito, amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi. Mawondo ake anali atatha, kugwada kunali nkhondo. Poyamba anandipempha kuti ndizimugwirira tochi. Kenako tsiku lina anayang'ana manja anga n'kunena kuti ndi aang'ono, angalowe pamene ake sangalowe, ndiye anandipatsa sikuludiraiva. Chingerezi changa chinali chothyokathyoka koma iye samafulumira, amaloza ndi chala, ine n'kumagwira.

Anandiphunzitsa kuti m'kalavani muli magetsi amitundu iwiri. Aakulu amalowa ndi chingwe chaolenji kuchokera panja, amenewo ukawagwira amapha. Aang'ono ndi a batire, oyatsa nyali ndi kuyendetsa mpope wa madzi, amenewo sakugwira koma moto amayatsa bwinobwino. Pakati pa awiriwa pali bokosi limene iye amati konivota, limasandutsa aakulu kukhala aang'ono n'kumachajanso batire. Limakhala pansi pa mpando wakutsogolo. Kumaso kwake kuli mzere wa mafyuzi, tinthu ting'onoting'ono ngati mano a mwana, tamitundumitundu: yofiira ndi ya teni, yabuluu ya fifitini, yachikasu ya twente. Mawu a Keith amene sindidzaiwala ndi awa: "Fyuzi ntchito yake ndi kufa. Ikafa usaikwiyire. Ufunse kuti yafera chiyani."

Mu Juni Keith anapita kukachitidwa opaleshoni ya bondo. Asanapite anauza a Nyirenda ine ndili pomwepo kuti Namba Sikisi ili ndi vuto, fyuzi ya mpope ikungopsa ndipo konivota ikulira ngati njuchi. Anaitanitsa yatsopano, inabwera m'katoni, iye n'kulembapo ndi cholembera chakuda kuti No. 6. Anati asailumikize ku magetsi kalavaniyo mpaka iye atabwera.

Ndiye sukulu ya mkaka ya Tadala inatsekera, ndinalibe wosiyira ana. Ndinapita kwa a Nyirenda ndikuopa kuti mwina andiuza ndisiye ntchito. Iwo anangoseka. "Bwera nawo, mwanawe, azikhala mu Sikisi. Ndaikonza ndekha, nyali zikuyaka zonse." Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Masiku asanu ndi anayi ana anga anakhala pampando umenewo. Ndimawerengabe masikuwo.

Tsiku lafungolo ndinanyamula Mphatso ndi dzanja limodzi, Tadala ndinamukoka mpaka nsapato inatsala m'katimo, ndinawakhazika pa udzu kutali, ndinathamanga kukazula chingwe chaolenji, ndinatsegula kachitseko ka batire n'kumasula waya wakuda ndi sipanala. Kenako ndinabwerera n'kuchotsa khushoni. Thabwa lapansi pake linali lotentha ngati chivundikiro cha poto. Nditalitukula, kautsi kanatuluka pang'onopang'ono.

Mafyuzi awiri anali atakutidwa ndi pepala lonyezimira lagolide. Yachitatu, yaikulu ya pafupi ndi batire, chimodzimodzi. Pulasitiki yozungulira inali itasungunuka n'kuyenderera ngati kandulo, waya umodzi uli bii.

Pepalalo ndinalidziwa nthawi yomweyo. A Nyirenda ali ndi matenda a shuga, Mayi anawaletsa zotsekemera zonse, koma m'galimoto amabisa chokoleti cha mapepala agolide, amadya akafika kufamu. Wotola mapepalawo pansi tsiku ndi tsiku ndinali ine.

Ndipo chimene anachitacho ndinachidziwanso. Kwathu fyuzi ikapsa, ndi angati amapita kusitolo? Munthu amangotenga kawaya kapena pepala la m'paketi ya fodya, kukulunga, kubwezera, magetsi ayaka, aliyense n'kumuyamikira kuti ndi wanzeru. Amalume anga amachita zimenezo kunyumba kwathu ku Bangwe. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi denga linayaka, pulasitiki ya m'mwamba inandidonthera. Chipsera chake chili pamkono wanga wamanzere, kuyambira pachigongono mpaka apa pamene anthu amavala wotchi. N'chifukwa chake ngakhale kutenthe bwanji ndimavala zamanja aatali.

A Nyirenda atafika masana ndinawadikira atsike m'galimoto, ndinawapatsa moni bwinobwino, ndinati, "Bambo, pepani, mu Sikisi munatsala pang'ono kuyaka moto ana ali momwemo."

Anapita kukasuzumira, n'kubwerako akukanda pachibwano. "Aa, kameneka? Kangotentha pang'ono. Ndiikapo pepala lina lokhuthala."

"Bambo, Keith anati fyuzi ikamapsa ndiye kuti pali waya wina wavulala."

"Keith, Keith. Azungu amaopa chilichonse, ngakhale mthunzi wawo. Ine ndakonza magetsi iwe usanabadwe. Wa Sitandade 8 undiphunzitse ine?" Kenako anatsitsa mawu, akumwetulira ndithu. "Usamayende ndi nkhani, mwanawe. Amuna ako ntchito ija anaipeza bwanji? A manijala awo ndimamwa nawo tiyi. Munthu ntchito ikatha kuno, mapepala okhalira m'dziko muno amathanso. Ukudziwa eti?"

Ndinangoti, "Eya, bambo." Ndinayang'ana pansi monga tinaphunzitsidwira.

Amuna anga ndinawauza m'mawa mwake tikumwa tiyi. Anagwira kumutu. "Amake Tadala, chonde. Ana ali bwino, si choncho? Usawaikemonso basi. Koma usayambane ndi a Nyirenda, ndi amene anatibweretsa. Ukufuna tibwerere ku Bangwe ndi masutikesi awiri?" Si munthu woipa, ndi munthu wamantha, ndipo mantha akewo ndinali nawo inenso.

Ana ndinayamba kuwakhazika pamphasa pansi pa mtengo, pamene ndimawaona. Ndikanangokhala chete mwina, kaya. Koma sabata yomweyo zinthu ziwiri zinachitika. Choyamba, a Nyirenda anandiuza kuti ndichape Sikisi bwinobwino chifukwa pa ulendo wa mpingo wa ku Skegness mu Ogasiti, ndi imene mudzagone amayi a ana aang'ono, poti ndi yaikulu ndipo ili ndi mabedi osanjikana. Ana asanu, anga awiri momwemo. Ndinasuzumira pansi pa mpando, mapepala agolide atsopano, okulunga kawiri. Chachiwiri, ndikusesa m'kontena mosungira zida ndinaona katoni ija ya Keith. Pamene panalembedwa No. 6 anali atakhwatchapo n'kulemba No. 2. Namba Thu ndi kalavani ya banja lawo, imene akagonemo iwo, Mayi ndi mdzukulu wawo Ruth. Konivota yakale anali ataichotsamo kale n'kuitaya, pansi pa mpando pali dzenje kudikira yatsopano.

Ndiye kuti amadziwa. Abale, amadziwa! Akanakhala kuti amakhulupiriradi pepala la chokoleti, bwenzi ataliika kwa mdzukulu wawo. Koma ayi, wawo agonere chatsopano, anga agonere moto. Ndinaima m'kontenamo ndi tsache m'manja. Ndinalumbira osatulutsa mawu kuti munthu ameneyu ndidzamuonetsa, kaya zitha bwanji.

Ndinaimbira Keith. Ndinamutumizira zithunzi. Ataziona ananena mawu amene sindingalembe pano. Anafunsa kuti a Nyirenda sadzakhalapo liti. Ndinati Loweruka, akupita ku ukwati ku Corby tsiku lonse. Anati, "Ine kugwada sindingathe. Udzagwira ndiwe, ine ndidzakhala pakhomo ndi maso."

Ana ndinawasiya kwa amake Joy, nesi wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, amakhala msewu wachiwiri kuchokera kwathu. Sindinawauze zambiri, ndinangoti pali ntchito. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, maso yako yafiira. Ni chani?" Ndinati adzamva mawa.

Keith anabwera ndi ndodo ziwiri, anakhala pa kampando pakhomo la Sikisi, mwendo ali tambalale. Choyamba anandiuza ndizule chingwe chaolenji ndipo ndichikulunge ndichiike pamiyendo pake, kuti wina aliyense asachibwezere ine ndili m'kati. Kenako batire, waya wakuda poyamba, wofiira pambuyo. Kenako mita, kuyeza kuti palibe chatsala, ngakhale ukudziwa kuti wazula. Ndinajambula mawaya onse ndi foni asanasunthe, ndipo uliwonse ndinaumata katepi koyera n'kulembapo: nyali, mpope, firiji, soketi, batire. Ndinalemba m'Chichewa. Keith anati zilibe kanthu, bola wowerenga ndi ine.

Masikulu anayi, bokosi lakale n'kutuluka. Kumbuyo kwake kunali kwakuda, thabwa la mpando litapserera chigamba chachikulu ngati chikhatho changa. Pamwamba pa chigamba chimenecho ndi pamene Mphatso amagona masana. Ndinakhala pansi kaye. Keith sanandifulumizitse.

Atatero anati, "Tsopano tifunse kuti fyuzi imafera chiyani." Ndinatsatira waya wa mpope ndi zala, ndikukwawa, tochi ili kukamwa, kudutsa pansi pa kabati mpaka kuseri kwa sinki. Kumeneko ndinapeza manyi a khoswe ndi waya wotafunidwa, mkuwa uli poyera, ukukhudza chitsulo. Ndi chimenecho basi. Kanthu ka mphindi khumi. Ndinadula mbali yovulalayo ndi yopserera yonse, ndinasenda nsonga ndi chitsulo chosendera, ndinaika waya watsopano wonenepa mofanana, kufinya zolumikizira ndi pulaya yake, kenako kukoka mwamphamvu kuti ndione ngati zagwira. Keith amati cholumikizira chimene sunachikoke sunachimalize. Wayawo ndinaulowetsa m'kapaipi kapulasitiki kuti khoswe akabweranso alume paipi.

Bokosi latsopano ndinaliika mosiya mpata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Mawaya a magetsi aakulu ndi atatu: wobiriwira ndi chikasu poyamba, wabuluu, wabulawuni. Apa Keith anadzikoka ndi ndodo mpaka anaweramira, akubuula, kuti aone sikulu iliyonse ndi maso ake, ndipo ina anandibwezetsa chifukwa timawaya tiwiri tinali titatulukira kunja. Kenako aang'ono, uliwonse pamalo pake monga mwa katepi. Kenako mafyuzi enieni, atsopano, ochokera m'kathumba: yofiira, yofiira, yabuluu, yachikasu ya ku batire. Batire kubwezera, wofiira poyamba tsopano, wakuda pambuyo. Keith anayeza zonse ndi mita yake yaikulu asanandibwezere chingwe. Titalumikiza anandiuza ndidine kabatani koyesera ngati magetsi amazima okha pakavuta, magetsi onse anazima kuti thapu, monga ayenera kuchitira. Tinayatsanso, ndinatsegula mpope, madzi anatuluka, fyuzi ili phee. Ndinaika dzanja pabokosi kwa nthawi yaitali. Lozizira.

Keith anapita kukakhala m'galimoto yake kuti apumitse mwendo. Ine ndinatsala ndi bokosi lakale m'manja.

Apa ndinene zoona, chifukwa ndikabisa nkhani yonseyi ilibe ntchito. Ndinalinyamula n'kupita nalo ku Namba Thu. Makiyi onse amakhala ndi ine. Ndinatsegula, ndinachotsa khushoni, dzenje lija lili yasa, mawaya ali lendelende kudikira. Masikulu anayi ndinali nawo m'thumba. Ndipo tsopano ndimadziwa kulumikiza. Mumtima ndimati agonere iwowo, amve fungo lija, adzidzimuke, athamange opanda nsapato, adziwe mmene zimakhalira. Ndinagwada, ndinaliika m'dzenjemo. Linakwana ndendende.

Ndikufuna sikuludiraiva, maso anga anagwera pansi pa tebulo. Panali timajombo tapinki ta Ruth, atatiika kale pokonzekera ulendo, kamodzi kataimirira kena katagwa. Ruth ali ndi zaka zisanu. Ku Sande sukulu amagawana makirisipi ndi Tadala, amamutcha best friend. Ndinayang'ana timajomboto, ndinayang'ana mkono wanga. Ndinatulutsa bokosilo. Sindinalitulutse chifukwa chokhululuka ayi, musandiyese woyera. Ndinalira ndi ukali kuti munthu ameneyu wabisala kumbuyo kwa mwana. Ndinavula chitenje chimene ndimamanga m'chiuno pogwira ntchito, ndinalikulunga bwinobwino, mfundo pamwamba, n'kukwera nalo basi.

Lamlungu mapemphero atatha amayi tinakhala m'holo yaing'ono kukambirana za ulendo, ndani aphika chiyani, ndani atenga mapoto. Tinalipo mwina khumi ndi asanu, ambiri manesi ndi osamalira okalamba, ena atavala kale yunifolomu kuti akuchokera pompo kupita kuntchito. A Nyirenda analowa ndi pepala lawo kudzawerenga kuti ndani agona kuti. Atafika pa Namba Sikisi n'kutchula mayina a ana, ndinaimirira.

Ine mtsikana wamng'ono sindingadule mawu mkulu wa mpingo pagulu, zimenezo aliyense akudziwa. Koma mphatso palibe amaletsa. Ndinayenda mpaka kutsogolo, ndinagwada mawondo onse awiri, ndinapereka mtolo uja ndi manja awiri, mutu pansi, monga ndinaphunzitsidwira. "Bambo, ndabweretsa kanthu kanu."

Amayi ena anayamba kuwomba m'manja. A Nyirenda anasangalala, anati, "Aa, taonani ana oleredwa bwino. Ena mwaiwala mwambo kuno." Anaika patebulo, anamasula mfundo okha ndi manja awo.

Fungo linatuluka lisanaoneke bokosi. Kenako linaoneka, lakuda, losungunuka, mapepala agolide ali ngwee pakati pake.

Ndidakali chogwada ndinati, "Ichi chinali pansi pa mpando wa Namba Sikisi, mmene mwati mugone ana asanu. Anga akhalapo kale masiku asanu ndi anayi. Chatsopano chimene Keith anagulira Sikisi munalembapo Namba Thu. Ndachibwezera kwawo dzulo. Ndipo munati ndikayankhula amuna anga ntchito iwathera, ndiye ndayankhula, amayi onsewa amva." Kenako ndinakwinya dzanja la bulauzi mpaka pachigongono, ndinatukula mkono. Anthu amene ndapemphera nawo zaka ziwiri anali asanauonepo. "Ichi ndi pepala la fodya la amalume anga."

Amake Joy ndi amene anayamba. Anabwera, anagwira mkono wanga mmene amagwirira manesi, anayang'ana bokosi, n'kutembenukira kwa a Nyirenda. "Ba Nyirenda, imwe, Joy wanga enze pa list iyi. Munafuna nikamuone ku burns unit?" Kenako kwa ine, "Nyamuka iwe. Nchito ya amuna ako siili mu thumba ya aba. Bakayese, tizaona."

A Nyirenda anayamba zoti mwanayu sakudziwa zamagetsi, ndi nkhani yaing'ono, kwathu timachita zimenezi tsiku lililonse. Mayi Nyirenda anali ataimirira mwakachetechete, anafika patebulo, anasenda kapepala kamodzi ndi chikhadabo, anakatambasula, anakanunkhiza. Anafunsa motsitsa, koma tonse tinamva.

"Abambo, chokoleti chimenechi mumadya liti?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaseka n'kutseka pakamwa. Mayi sanaseke. Anati, "Ruth akanakhala akusewera mu Sikisi ndi anzake usana wonse. Mumaganiza kuti akhala mu Thu yekhayekha ngati nkhuku yodwala?" A Nyirenda anapinda pepala lawo la mayina kanayi. Nkhope imene inali pamenepo ndimaisunga mumtima ngati chithunzi. Ndikatopa ndimaitulutsa n'kuiyang'ana.

Lolemba m'mawa uthenga unabwera pafoni kuti ndisapitenso kufamu. Amuna anga anakhala masiku awiri osandiyankhula, akudzidzimuka foni ikalira. Kuntchito kwawo palibe anawafunsa kanthu, mpaka lero. A manijala aja kaya amamwadi nawo tiyi, kaya. Tsiku lachitatu anabwera kukhitchini, anagwira mkono wanga wachipsera, anangoti, "Amake Tadala," basi, osapitiriza. Ndinawasiya choncho. Pano Keith akapeza ntchito ya kalavani amanditenga, iye pakhomo ndi mita, ine pansi pa mpando.

Kutchalitchi ena amati ndinachititsa manyazi munthu wamkulu, ndikanapita kwa abusa mwakachetechete. Mwina. Ine chimene ndinatola pantchito imeneyi ndi chija cha Keith, kuti chinthu chikamalira usachitseke pakamwa ndi pepala lonyezimira, ufufuze chimene chikulirira. A Nyirenda anayesa kundikulunga inenso chimodzimodzi. Sindinawakhululukire. Akamatsogolera pemphero ndimatsegula maso.

Ulendo wa ku Skegness unachitika, koma amayi anagwirizana kuti palibe mwana alowe m'kalavani iliyonse ndisanaione ine. Titafika masana, makalavani ataimikidwa, ana onse ndinawakhazika pa udzu ndi amake Joy. Ndinayamba Namba Wani, kuzula fyuzi iliyonse, kuiyang'ana padzuwa, kuibwezera. Mu Namba Folo ndinapeza pepala lagolide limodzi, mu Seveni awiri. Ndinawachotsa, ndipo mawaya akewo ndinawasiya osalumikiza, ndinauza eni ake kuti madzi atunga ndi chigubu. Namba Thu inalibe magetsi ngakhale pang'ono, dzenje lokhalokha, ndiye Mayi Nyirenda anatenga Ruth ndi timajombo take n'kubwera naye kwa ife. Abambo anatsala okha ndi tochi. Atabwera usiku wake pakhomo la Sikisi ndi foni m'manja kuti, "Amake Tadala, tingachajeko pang'ono?" ndinawauza mwaulemu ndithu kuti masoketi onse ali ndi matabuleti a ana.

Masana aja Sikisi ndinaimalizira. Ndinadina kabatani koyesera, thapu, ndinayatsanso. Ndinamata kudenga alamu ya utsi imene ndinabwera nayo, ndinaidina mpaka Mphatso anatseka makutu panja. Ndinachotsa khushoni, ndinatukula thabwa, ndinaika chikhatho pabokosi n'kuwerenga mpaka handiredi. Kenako ndinaitana Tadala yekha, ndinamugwira dzanja, ndinati, "Nunkhiza." Anakweza mphuno uku ndi uku ngati kagalu.

"Nothing, Mummy."

Pamenepo ndi pamene ndinaima pakhomo n'kuuza ana asanu ndi mmodzi aja kuti alowe.